Max Payne: mbiri ya gemu imene inachedwetsa chipolopolo

Mu Julaye 2001 m'masitolo a ku America munafika gemu ya pakompyuta imene inapatsa wosewera mphamvu yomwe kale inali makamaka m'manja mwa opanga mafilimu. Munthu amene ukumuyendetsa pa sikirini walowa m'chipinda, ndipo mkatimo muli zigawenga zitatu. Ukadina batani lakumanja la mausi kwinaku ukumupititsa chammbali, iye amadziponya m'malere, mfuti kumanja mfuti kumanzere, ndipo zonse zimayamba kukwawa. Phokoso limazilala, kumatsala kugunda kwa mtima. Chipolopolo chilichonse chimaoneka pachokha chikubwera, makoko ake akugwa pansi mwaulesi, pulasitala akuthothoka pakhoma pamene zipolopolo zaphonya. Chimene sichichedwa ndi dzanja lako lokha. Umaloza mfuti pa liwiro lako la masiku onse, ndiye asanagwe pansi munthu uja, atatu aja watha nawo. Gemuyo inali Max Payne, ndipo mphamvu imeneyi inkatchedwa bullet time.

Nkhani yake ndi ya ku New York, chilankhulo chake n'cha m'misewu ya ku New York, koma amene anaipanga anali anyamata a ku Espoo, m'dziko la Finland. New York wawo anamudziwira m'mabuku ndi m'mafilimu. Choncho mbiri ya gemuyi imayambira zaka zambiri iwo asanabadwe.

M'zaka za m'ma 1920 ndi 1930 magazini yotsika mtengo ya Black Mask inkasindikiza nkhani za ofufuza milandu, ndipo mwa alembi ake munali Dashiell Hammett ndi Raymond Chandler. Ofufuza awo sanali madoda odekha okhala pampando n'kumasula mlandu ndi nzeru zokha. Anali amuna otopa, omwa mowa, oyenda usiku m'mizinda momwe wapolisi, wandale ndi chigawenga amadyera mbale imodzi. Hollywood itatenga nkhanizi panatuluka mafilimu ngati The Maltese Falcon ya 1941, ya John Huston, momwe munasewera Humphrey Bogart, ndi Double Indemnity ya 1944, ya Billy Wilder. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mafilimuwa anafika ku France, ndipo mu 1946 wolemba za mafilimu Nino Frank anawatcha film noir. Zizindikiro zake n'zodziwika: mdima wambiri, kuwala kodutsa m'mipata ya zenera, mkazi wokongola woti sungamukhulupirire, ndi mwamuna amene akufotokoza yekha mmene anagwera. Double Indemnity imayambira kumapeto. Walter Neff, atawomberedwa kale, akulowa mu ofesi usiku n'kuyamba kuulula zonse m'makina ojambulira mawu. Woonera amadziwa kuchokera pachiyambi kuti munthuyu sapulumuka, chotsala n'kumva mmene zinakhalira.

Kuchedwetsa zithunzi pa nthawi ya imfa kunadzera njira ina. Akira Kurosawa anakuyesa pang'ono mu Seven Samurai mu 1954. Arthur Penn anakugwiritsa ntchito pomaliza Bonnie and Clyde mu 1967, ndipo Sam Peckinpah mu The Wild Bunch ya 1969 anajambula nkhondo yomaliza ndi makamera angapo othamanga mosiyana, n'kulumikiza zithunzizo kuti munthu azigwa pang'onopang'ono pamene ena akuwomberabe. Koma amene anasandutsa zimenezi kukhala gule ndi John Woo wa ku Hong Kong. Mu A Better Tomorrow ya 1986, The Killer ya 1989 ndi Hard Boiled ya 1992, Chow Yun-fat amagwira mfuti ziwiri, kudumpha matebulo, kutsetsereka pa chogwirira cha masitepe akuwombera, ndipo kamera imamupatsa nthawi yonse imene akufuna. Kwa Woo kuchedwako kunali ndi tanthauzo. Kunali mphindi imene munthu akusankha kufera mnzake, kapena kunyamula khanda pakati pa moto m'chipatala, monga zimachitikira kumapeto kwa Hard Boiled.

Ku Finland, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kunali achinyamata amene ankapikisana kupanga timapulogalamu ting'onoting'ono toonetsa zithunzi zoyenda ndi nyimbo, cholinga chake kungosonyeza kuti angafinye zochuluka bwanji m'kompyuta yofooka. Ankakumana chaka ndi chaka pa msonkhano wotchedwa Assembly. Mu 1993 gulu la Future Crew linapambana kumeneko ndi Second Reality, ndipo mbiri yake inabuka mpaka kunja. M'magulu oterewa ndi momwe munachokera anthu amene mu 1995 anayambitsa kampani ya Remedy Entertainment, ena mwa iwo Samuli Syvähuoko ndi Markus Mäki. Ofesi yawo yoyamba inali chipinda chapansi m'nyumba ya makolo a Syvähuoko ku Espoo.

Gemu yawo yoyamba, Death Rally, inatuluka mu 1996: mpikisano wa magalimoto okhala ndi mfuti, wooneka kuchokera pamwamba. Inafalitsidwa ndi kampani ya ku Texas ya Apogee, ya Scott Miller. Pofuna munthu wolemba mawu a Chingelezi a m'gemumo, Petri Järvilehto wa ku Remedy anaitana mnzake Sami Järvi, yemwe ankaphunzira mabuku a Chingelezi pa yunivesite ya Helsinki. Järvi ndi amene dziko linadzamudziwa ndi dzina lakuti Sam Lake. Kulembedwa ntchito kwake kunaoneka kwapang'ono, koma kunapatsa Remedy chinthu chimene makampani ambiri a magemu owomberana analibe pa nthawiyo: mlembi wokhala pakati pa opanga, osati woitanidwa pomaliza kuti adzapake nkhani pamwamba pa ntchito yatha kale.

Death Rally itagulidwa bwino, Remedy inapereka kwa Miller maganizo atatu a gemu yotsatira. Iye anasankha yowomberana, imene inkatchedwa Dark Justice, koma anaika mfundo zake: ikhale ya zithunzi za 3D, ikhale ndi munthu wamkulu wosaiwalika ngati Duke Nukem wa kampani yake ya 3D Realms, ndipo dzina lisinthe. Anyamatawo anayenera kumanga injini yawoyawo ya zithunzi, MAX-FX. Anaonetsa gemuyo pa chionetsero cha E3 mu 1998, anthu anaiyembekezera mu 1999, koma inatenga zaka zina ziwiri.

Mu 1999 anthu 6 a ku Remedy anakwera ndege kupita ku New York. Analemba ganyu alonda awiri amene kale anali apolisi mumzindawo, n'kulowa nawo m'madera omwe alendo safikako, m'nyumba zogumuka, m'makonde akuda ndi m'masiteshoni a sitima zapansi panthaka. Anajambula zithunzi masauzande. Zithunzizi ndi zimene anamata pamakoma a m'gemu, moti njerwa zosweka, zitseko za dzimbiri ndi zolembalemba za pakhoma zimene wosewera amaona zinachokera pamakoma enieni. Pa nthawi imene magemu ambiri ankaoneka osalala ngati pulasitiki, Max Payne inali ndi litsiro.

Chaka chomwecho, m'Malichi, kunatuluka filimu ya The Matrix. Poijambula, John Gaeta ndi gulu lake anandandalika makamera oposa 100 mozungulira wosewera filimu, kamera iliyonse n'kujambula chithunzi chimodzi motsatizana, kuti woonera aone Neo akuzemba zipolopolo ngati nthawi yaima pamene maso akumuzungulira. Ambiri mpaka lero amaganiza kuti Remedy inangokopera pamenepo. Si choncho kwenikweni, chifukwa gemuyo inali itayamba kale kupangidwa ndipo maso a opanga anali pa John Woo, yemwe dzina lake limatchulidwa m'gemumo. Chimene The Matrix inachita n'kukonzera gemuyo msika. Pofika 2001 munthu aliyense wopita ku kanema ankadziwa kale maonekedwe a chipolopolo choyenda pang'onopang'ono, ndipo ankalakalaka kuti adzachizembe yekha.

Kuti zimenezi zitheke, panafunika chisankho chimodzi chimene wosewera sachiona. M'magemu ambiri owomberana a nthawiyo, ukawombera ndi mfuti wamba kompyuta inkangojambula mzere wowongoka n'kuona ngati wakhudza mdani. Panalibe chipolopolo chenicheni choyenda. Mu Max Payne chipolopolo chilichonse ndi chinthu pachokha, chokhala ndi liwiro ndi njira yake. N'chifukwa chake nthawi ikachedwetsedwa pamakhala china choti uchione, komanso choti uchizembe. Pakona ya sikirini pali kachithunzi ka botolo la mchenga loyezera nthawi. Ukachedwetsa nthawi mchengawo umatha, ndipo umabwerera ukapha. Pafupi nako pali chithunzi cha thupi la Max chimene chimadzaza ndi kufiira akamavulala. Kuti kufiirako kutsike, sumatola mabokosi a mankhwala a chipatala ngati m'magemu ena. Umatsegula makabati a m'bafa ndi madirowa a m'maofesi kufunafuna timabotolo ta mapilisi opha ululu, ndipo sunganyamule toposa 8. Munthuyu sachira. Amangoziziritsa ululu n'kupitirira.

Ndalama zinali zochepa, ndipo umphawi umenewu ndi umene unapatsa gemuyi nkhope yake. Kupanga zithunzi zoyenda zofotokoza nkhani pakati pa nkhondo kunali kodula, choncho Lake ndi anzake anasankha masamba ngati a m'mabuku a nkhani za zithunzi. Ankajambulana okha ndi kamera, kenako n'kukonza zithunzizo pakompyuta kuti zioneke ngati zopentedwa, pamwamba n'kuikapo mawu. Ndalama zolembera akatswiri a zisudzo panalibe, ndiye ogwira ntchito, anzawo ndi abale awo ndi amene anavala majekete n'kukhala zigawenga. Sam Lake mwiniwake anakhala Max, ndi nkhope yake yokwinyika ija, ngati ya munthu amene waluma ndimu, imene mpaka lero anthu amamupempha kuti aibwereze. Mayi ake anakhala Nicole Horne, mdani wamkulu wa m'nkhaniyo, ndipo bambo ake anakhala Alfred Woden. Pamene anawonongapo ndalama mwanzeru ndi pa mawu. James McCaffrey, wa zisudzo wa ku America, anawerenga mawu a Max ndi liwu lotsika, losakwera losatsika, la munthu amene misozi inamuthera. Lake analemba mochulukitsa mafanizo, nthawi zina mopitirira muyezo, ndipo akanawawerenga munthu wokuwa akanaseketsa. McCaffrey anawanena mouma, ndipo anthu anawakhulupirira.

Nkhaniyo, monga Double Indemnity, imayambira kumapeto: Max ali pamwamba pa nyumba yaitali usiku, mfuti ili m'manja, magalimoto a apolisi akubwera. Kenako tibwerera zaka zitatu m'mbuyo. Max, wapolisi wa ku New York, akufika kunyumba kwake ku New Jersey madzulo. Pakhoma papakidwa chilembo cha V chokhala ndi jakisoni. Foni ikulira, ndipo mkazi wachilendo akufunsa ngati kumeneko n'kwa a Payne. Pamwamba mkazi wake Michelle akukuwa. Apa wosewera amapatsidwa ulamuliro, amathamanga pamasitepe, amapeza chitseko chotsekeka, amazungulira. Kaya akhale katswiri wotani, amafika mochedwa. Khanda lafa, Michelle wafa, ndipo akupha ndi anthu oledzera ndi mankhwala atsopano otchedwa Valkyr.

Ine ndimaona kuti mphindi zimenezi ndi zimene zimanyamula gemu yonse. Maola onse otsatira wosewera ali ndi mphamvu yochedwetsa nthawi, koma amaipeza ya ntchito imodzi yokha, yakupha. Pa mphindi imodzi imene nthawi inafunika kuti ichedwe, siinachedwe. Lake sanalembe zimenezi poyera, ndipo sanafunikire kutero, chifukwa wosewera amazimva m'zala. Opanga anabwerezanso nyumba ija kawiri ngati maloto oipa: makonde akutalika pamene ukuthamanga, khanda likulira kutali, ndipo iwe ukuyenda pa kamzere kopyapyala ka magazi pakati pa mdima, ukaphonya phazi n'kugwa. Osewera ambiri amadana ndi zigawo zimenezi, ndipo pa nkhani ya kaseweredwe ali ndi mfundo, chifukwa kudumpha m'gemuyi n'kovuta kulamulira. Komabe ndikanakana kuzichotsa. Ndi malo amene mfuti ilibe chothandiza.

Zotsalazo zimayenda mwachangu. Max alowa m'bungwe lolimbana ndi mankhwala osokoneza bongo la DEA, abisala pakati pa banja la zigawenga la Punchinello, ndipo mnzake Alex Balder ataphedwa pa siteshoni ya Roscoe Street mlandu umugwera iye. Apolisi akumufuna, zigawenga zikumufuna, kunja kukugwa chipale chofewa chimene chatsekereza mzinda wonse m'nyumba. Pamwamba pa nkhani ya Chimereka Lake anayalapo nthano za milungu ya anthu a kumpoto kwa Ulaya: kalabu ya Ragna Rock, kampani ya Aesir, ntchito yachinsinsi ya asilikali yotchedwa Valhalla kumene Valkyr anachokera, ndi nyengo yozizira yoopsa imene m'nthanozo imatsogolera kutha kwa dziko. Michelle anaphedwa chifukwa anaona mapepala okhudza ntchito imeneyi ku ofesi ya woimira boma pa milandu kumene ankagwira ntchito.

Gemuyo inagulidwa kwambiri, inalandira mphoto ya BAFTA, ndipo kumapeto kwa 2001 Rockstar Games inaitulutsa pa PlayStation 2 ndi Xbox. Mu 2002 Remedy ndi 3D Realms anagulitsa umwini wa Max Payne ku Take-Two Interactive, kampani imene Rockstar ili pansi pake, pa madola 10 miliyoni ndi masheya pafupifupi 970,000. Remedy inapeza ndalama zoimira payokha kwa zaka zambiri, koma munthu amene anamulenga sanalinso wawo.

Anapangabe gemu yachiwiri, Max Payne 2: The Fall of Max Payne, imene inatuluka mu Okutobala 2003. Tsopano ndalama zinalipo. Nkhope ya Max inakhala ya wa zisudzo Timothy Gibbs, ndipo pulogalamu ya Havok inachititsa kuti mabokosi, mipando ndi matupi zizigwa monga zimagwera zinthu zenizeni. Kuchedwa kwa nthawi kunasinthidwa kuti ukamapha motsatizana dziko lizichedwerachedwera pamene Max akufulumira. Nkhani yake ndi ya chikondi pakati pa Max ndi Mona Sax, mkazi wolembedwa ganyu yakupha anthu, ndipo m'zigawo zina wosewera amayendetsa Mona. Pa magemu atatu onse iyi ndiyo yolembedwa bwino, yofatsa, yodziwa nthawi yokhala chete. M'zipinda zimene umadutsa muli mawailesi a kanema akuonetsa masewero opeka, limodzi la iwo lotchedwa Address Unknown, amene amabwereza nkhani ya Max mokhotetsa, ndipo osewera ambiri ankaima pakati pa nkhondo kuti aonere. Koma malonda sanayende monga Take-Two inkayembekezera, ndipo kampaniyo inanena poyera kuti inakhumudwa. Remedy inatembenukira ku Alan Wake, imene inatuluka mu 2010.

Pamenepa n'kuti kuchedwetsa nthawi kuli paliponse. Dead to Rights ya Namco mu 2002, Enter the Matrix mu 2003, Red Dead Revolver mu 2004, F.E.A.R. ya Monolith mu 2005, zonse zinali nako, iliyonse ndi dzina lakelake. Mu 2007 Midway inatulutsa Stranglehold mogwirizana ndi John Woo ndi Chow Yun-fat, yopitiriza nkhani ya Hard Boiled, moti mwini gule analowa m'bwalo kudzavina motsatira ophunzira ake. Ena mwa magemuwa ndi abwino, makamaka F.E.A.R., imene adani ake amaganiza ngati anthu. Ambiri anatola nthenga n'kusiya nkhuku. Kuchedwetsa nthawi kunasanduka batani lothandizira wosewera akapanikizika, lopanda chilichonse chokhudza munthu amene akulidina. Filimu ya Max Payne ya 2008, ya John Moore, momwe munasewera Mark Wahlberg ndi Mila Kunis, inatenga chipale chofewa ndi mayina, n'kutaya liwu lofotokoza lija pafupifupi lonse, ndipo olemba za mafilimu anaikana.

Max Payne 3 inatuluka mu Meyi 2012, patatha zaka zitatu ikulonjezedwa. Inapangidwa ndi Rockstar, mlembi wamkulu ali Dan Houser. Max wakalamba, wanenepa, mowa ndi mapilisi zamugwira, ndipo mnzake Raul Passos wamutengera ku São Paulo ku Brazil kukalondera banja lolemera la Branco. Ambiri anadandaula kuti noir ya padzuwa si noir. Pamenepa sindigwirizana nawo. Mzinda umene olemera amauluka pa helikopita pamwamba pa midzi ya osauka, momwe gulu la apolisi limagulitsa anthu kwa ochotsa ziwalo, Hammett akanauzindikira. Opanga anasiya Chipwitikizi cha anthu a m'misewu chosamasuliridwa, kuti wosewera asokonezeke monga akusokonezekera Max. Thupi lake lili ndi kulemera: akadziponya n'kugunda khoma amagwa moipa, amadzuka pang'onopang'ono, ndipo akagwira mfuti yaing'ono, yaikulu amainyamula m'dzanja lina m'malo moti izimiririke m'thumba. McCaffrey anapereka mawu, nkhope ndi mayendedwe. Vuto la gemuyi n'lakuti imalanda wosewera ulamuliro pafupipafupi kuti ionetse zithunzi zake zodula. Masamba ojambulidwa a Remedy aja ankasiya malo oti munthu adzazemo yekha, pamene Rockstar inaonetsa chilichonse.

Amene ananyamula bwino mwambowu pambuyo pake ndi magulu ang'onoang'ono. Superhot, ya anthu a ku Łódź ku Poland, inatuluka mu 2016 ndi lamulo limodzi: nthawi imayenda pokhapokha iwe ukayenda. Inataya nkhani ya ofufuza milandu n'kusandutsa nkhondo iliyonse kukhala mwambi woti uumasule. El Paso, Elsewhere ya 2023, ya Xalavier Nelson Jr. ndi kampani yake ya Strange Scaffold, inachita zosiyana. Inatenga kudumpha, mfuti ziwiri ndi mapilisi poyera, n'kuzipatsa chisoni chakechake: James Savage akutsika m'zipinda zapansi pa motelo kukakumana ndi mkazi amene ankamukonda komanso ankamuzunza, ndipo mapilisi amene akumeza ndi omwe anali atasiya. Nelson anawerenga yekha mawu a Savage.

Remedy nayo sinamuiwale munthu wake. Mu Alan Wake 2 ya 2023 muli wofufuza milandu Alex Casey, wa nkhope ya Sam Lake ndi liwu la James McCaffrey, njira yokhayo imene akanabweretsera Max popanda kukhala ndi umwini wa dzina. Mu Epulo 2022 kampaniyo inali italengeza kale kuti yagwirizana ndi Rockstar kupanganso magemu awiri oyamba ngati gemu imodzi, pa injini yake ya Northlight, ndalama zochokera ku Rockstar. Pa 17 Disembala 2023 McCaffrey anamwalira ndi khansa ali ndi zaka 65. Njerwa za New York, zipolopolo ndi chipale chofewa zonse zingamangidwenso bwino kuposa mu 2001, ndipo ndalama zochitira zimenezo tsopano zilipo. Pa mawu a Max, opanga atsala ndi njira ziwiri: kugwiritsa ntchito amene McCaffrey anajambula kale, kapena kuika munthu wina kutsogolo kwa maikolofoni kuti awerenge zimene Lake analemba.